Mafunso ndi Mayankho: Gawo la Munthu Wamba pa Ntchito Yofukula ndi Kusamala Zinthu Zakale

Tasonkhanitsa pano mafunso amene anthu amafunsa akapeza chinthu chamakedzana, kapena akafuna kuthandiza nawo pofufuza mbiri ya dera lawo. Malamulo a nkhaniyi amasiyana dziko ndi dziko, ndiye paliponse pamene tatchula lamulo tanenanso dziko lake.

Kodi munthu amene sanaphunzire ntchitoyi ali ndi gawo lililonse?

Ali nalo, ndipo si laling'ono. Mu 1974 alimi amene ankakumba chitsime pafupi ndi mzinda wa Xi'an ku China anatulutsa zidutswa za ziboliboli zadothi, osadziwa kuti pansi pawo pali asilikali adothi masauzande amene anakwiriridwa pafupi ndi manda a mfumu Qin Shi Huang. Phanga la Lascaux ku France, lokhala ndi zojambula zamakedzana pamakoma ake, analitulukira ndi anyamata anayi mu 1940. Ku Igbo-Ukwu ku Nigeria, ziwiya zamkuwa zamakedzana zinaoneka koyamba munthu akukumba dzenje losungira madzi pakhomo pake, ndipo katswiri Thurstan Shaw anadzafika mu 1959, patapita zaka pafupifupi 20. Mafupa a Homo naledi, mtundu wa anthu amakedzana umene unatha, ku South Africa anawaona mu 2013 ndi anthu awiri amene amalowa m'mapanga mongosangalala.

Akatswiri ndi ochepa, pamene olima, omanga, oweta ndi okumba zitsime amaona mkati mwa nthaka tsiku ndi tsiku. Kupeza sikusowa. Chimene chimasiyanitsa nkhani yokoma ndi yomvetsa chisoni ndi zimene wopezayo amachita m'ola loyamba.

Ndapeza phale, mkanda kapena chitsulo chakale. Ndichite chiyani?

Choyamba, siyani kukumba, ndipo chinthucho musachizule. Chijambuleni chili pomwepo, zithunzi zitatu: chapafupi, chapatali pang'ono chosonyeza dothi lozungulira, ndi china chosonyeza malo onse pamodzi ndi chizindikiro chosasuntha monga thanthwe kapena ngodya ya nyumba. Pambali pa chinthucho goneketsani rula kapena chilichonse chodziwika kutalika kwake, chifukwa pachithunzi mwala wa masentimita 3 ndi wa masentimita 30 amaoneka chimodzimodzi.

Kenako lembani malowo. Foni imapereka manambala a GPS, koma pabwalo poyera imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5, ndipo pansi pa mitengo kapena m'chigwa imaphonya koposa apo. N'chifukwa chake ndi bwino kuyezanso ndi tepi, kapena ndi mapazi, kuchokera pa zizindikiro ziwiri zosasuntha. Lembaninso tsiku, kuya kwake kuchokera pamwamba pa nthaka, mtundu wa dothi, ndi zina zimene zinali pafupi: makala, phulusa, mafupa, miyala yopsa.

Mukatero dziwitsani nyumba yosungiramo zinthu zakale imene muli nayo pafupi, kapena nthambi ya boma yoona za chikhalidwe ndi zinthu zamakedzana. Zithunzi zosonyeza pamalo penipeni musaziike pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Okumba mwakuba amawerenganso masamba omwewo, ndipo amafika msanga kuposa akatswiri.

Ngati chinthucho chili pangozi yeniyeni, mwachitsanzo madzi akuchikokolola kapena makina akubwera kudzasalaza pamalopo, chitengeni mutatha kujambula ndi kuyeza, ndipo pamene chinali khomanipo chikhomo.

N'chifukwa chiyani mumalimbikira za pamalo? Chinthucho si chomwecho, kaya chili m'dothi kaya pashelefu?

Chooneka ndi maso n'chomwecho, koma nkhani yake yambiri siili mwa icho, ili m'dothi limene chagonamo. Pamalo amene anthu anakhala nthawi yaitali dothi limasanjikizana m'miyalo: pansi pa nyumba, kenako zipupa zogumuka, kenako phulusa la anthu amene anadzakhala pambuyo pake, kenako dothi lolimidwa. Ngati palibe chinasokoneza, muyalo wapansi ndi wakale kuposa wapamwamba. Phale lopezeka pansi pa chipupa chogumuka likutiuza kuti mphikawo unalipo nyumbayo isanagwe. Phale lomwelo litabwera m'thumba la munthu limangotiuza kuti kwinakwake kunali mphika.

Zaka nazonso zimachokera pamenepo. Mwala wosema kapena mkanda wagalasi sauyeza zaka ndi njira ya kaboni 14, chifukwa njirayi imafuna chinthu chimene chinali chamoyo: makala, njere zopsa, fupa, chigoba. Chamoyo chikafa, kaboni 14 wa m'thupi mwake amayamba kuchepa, theka lake limatha pa zaka pafupifupi 5,730 zilizonse, ndipo poyeza wotsalayo amadziwa nthawi imene chinafa, mpaka zaka pafupifupi 50,000 m'mbuyo. Ndiye zaka za mkanda timazidziwira ku njere yopsa imene inagona nawo m'muyalo umodzi. Mukalekanitsa ziwirizi, palibe labotale imene ingazilumikizenso.

Zimene zinachitika ku Great Zimbabwe, bwinja la mzinda wakale wa miyala ku Zimbabwe, zikusonyeza kukula kwa vutoli. Richard Hall, amene anapatsidwa udindo wosamala malowo mu 1902, anachotsa dothi lambiri mkati mwa malinga amiyala pofunafuna umboni woti anamanga ndi alendo ochokera kutali. Dothi limene ankalitaya ngati zinyalala ndi limene linali ndi umboni wa amene anamangadi. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anasonyeza kuti mzindawo anamanga ndi anthu a ku Africa konko, koma anachita kusakasaka malo amene anali asanasokonezedwe. Madzi akatayika saoleka: malo amafukulidwa kamodzi kokha, ndipo chotsala ndi zimene zinalembedwa, kuyezedwa ndi kujambulidwa. Ichi n'chifukwa chake ngakhale akatswiri masiku ano amasiya dala mbali ina yosafukula, kuti obwera m'tsogolo ndi zida zabwino adzapeze pogwira.

Malowo ndi anga. Sindingakumbe ndekha?

M'mayiko ambiri simungatero popanda chilolezo, ngakhale malo ali anu. Ku South Africa lamulo la 1999 limati zinthu zamakedzana za m'nthaka, zopitirira zaka 100, ndi za boma, wozipeza ayenera kunena mwamsanga, ndipo kufukula kumafuna chilolezo. Ku England ndi Wales n'zosiyana: zinthu zambiri zimakhala za mwini malo, koma lamulo la 1996 limati chinthu cha zaka 300 kapena kuposerapo chokhala ndi golide kapena siliva wokwana magawo 10 pa 100 chiyenera kunenedwa pasanathe masiku 14. Myuziyamu ikafuna kuchitenga, wopeza ndi mwini malo amagawana mphoto. Ku Scotland, komwe n'kufupi kwambiri ndi England, zopezedwa zonse zamakedzana zimayenera kunenedwa, zagolide ndi zadothi zomwe. Funsani lamulo la kwanu musanagwire khasu.

Nanga makina ofufuzira zitsulo pansi?

Pali mayiko amene amawaletsa, ena amafuna chilolezo. Ku England ndi Wales anasankha kugwira ntchito ndi eni makinawo, ndipo kuyambira 1997 pulogalamu ya Portable Antiquities Scheme yalemba zinthu zoposa 1 miliyoni zimene anthu wamba anabweretsa okha. Chuma cha Staffordshire Hoard, golide ndi siliva woposa makilogalamu 5, chinapezeka motero mu 2009. Ubwino wake umaoneka pamene munthu akufufuza m'dothi lolimidwa kale, lomwe pulawo inasokoneza. Akapitirira n'kulowa m'miyalo yapansi, wayamba kuwononga, chifukwa makinawo amangomva chitsulo, ndipo mphika, nsalu kapena fupa limene linali nacho limathyoledwa ndi fosholo.

Ndikadzipereka pa ntchito yofukula yovomerezeka, ndizikachita chiyani kwenikweni?

Ntchito imayamba ndi zingwe. Malo amagawidwa m'mabwalo a mita 1 mbali zonse, ndipo kuti ngodya zikhale zolondola amayeza mopingasa kuchokera ngodya ina kufika yoyang'anana nayo: payenera kukwana mamita 1.41. Pakapanda kukwana, bwalolo ndi lopotoka, ndipo mapu onse adzapotoka nalo.

Dothi lapamwamba limachotsedwa ndi fosholo kapena khasu. Mukafika pa miyalo yeniyeni mumagwira chipande chaching'ono chonga cha omanga nyumba, chotalika masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono. Mumapala ndi m'mbali mwake, osabaya ndi nsonga, mukukokera dothi kwa inu n'kumabwerera chambuyo kuti musaponde pamene mwayeretsa. Dothi likasintha mtundu, kulimba kapena kukhakhala, imani muitane woyang'anira, chifukwa mwina mwafika pa muyalo wina ndipo uyenera kupatsidwa nambala yake. Pamene miyalo sikuoneka, amatsika mofanana masentimita 5 kapena 10 pa ulendo umodzi.

Ndowa iliyonse ya dothi imapita ku sefa. Sefa ya mabowo a mamilimita 5 imagwira mapale ndi mafupa, koma mikanda yagalasi yaing'ono ndi minga za nsomba zimadutsa, ndiye pamene zikuyembekezeka amagwiritsa ntchito ya mamilimita 2 kapena yocheperapo. Dothi lina, malita 10 kapena kuposa, amalisunga padera kuti akalithire m'madzi: njere zopsa zimayandama n'kuwengulidwa, ndipo ndi zimenezi zimanena mbewu zimene anthuwo ankalima.

Zopezedwa zimalowa m'kathumba kolembedwa dzina la malo, nambala ya bwalo, nambala ya muyalo ndi tsiku. Chizindikirocho chilembedwe kawiri, kunja kwa kathumba ndi pakapepala kosalowa madzi kam'kati, chifukwa inki yakunja imafufutika ndi dzuwa ndi kukhuzana. Kathumba kopanda chizindikiro n'chimodzimodzi chinthu chotoledwa m'njira.

Obwera kumene amalakwitsa zinthu zofanana. Akaona chinthu chatulukira theka amachizula, n'kusiya dzenje losadziwika kuti chinagona m'muyalo uti. Choyenera n'kupala mochizungulira mpaka chitakhala poyera. Amakumba kadzenje potsatira chinthu chimodzi m'malo motsitsa bwalo lonse mofanana. Amakhala kapena kuponda m'mphepete mwa dzenje, khoma n'kugumuka, pomwe khoma limenelo ndi limene limasonyeza miyalo ndipo limajambulidwa papepala, masentimita 10 a pakhoma kukhala sentimita 1. Ndipo amatola makala ndi zala. Makala okayezedwa zaka amanyamulidwa ndi nsonga ya chipande choyera n'kukulungidwa m'pepala la aluminiyamu, kutali ndi phulusa la fodya, mafuta kapena timizu, chifukwa kaboni watsopano akasakanikirana amachititsa chinthu kuoneka chaposachedwa.

Za chitetezo musazipeputse. Dzenje likapitirira mamita 1.2 makoma ake amafuna kuchirikizidwa kapena kudulidwa ngati masitepe, mulu wa dothi ukhale mita 1 kapena kuposa kuchokera m'mphepete, ndipo aliyense akhale atabayitsa katemera wa kafumbata.

Kodi nditsuke zimene zapezeka?

Mapale olimba ndi miyala yosema amatsuka ndi madzi okha ndi mswachi wofewa, popanda sopo, osazinyika nthawi yaitali, n'kuziyanika pamthunzi masiku awiri kapena atatu chizindikiro chili pambali pake. Zikatsekeredwa m'pulasitiki zisanaume zimachita nkhungu. M'mphepete mothyoka musakweche mwamphamvu, chifukwa ndi mmene zidutswa zimadzalumikizirana.

Pali zosatsuka. Phale lokhala ndi mwaye kapena zopserera mkati lisiyeni, popeza zotsalirazo zimayezedwa n'kudziwa chimene chinaphikidwamo. Lopakidwa utoto, kapena losapsa bwino limene likufumbutuka, madzi amalimaliza. Chitsulo ndi mkuwa zisakhudze madzi, ndipo dzimbiri musalipale: nthawi zambiri maonekedwe enieni a chinthucho atsala m'dzimbirimo, mkati mulibenso chitsulo. Zisungeni pouma, m'kabokosi kotseka bwino. Mkuwa ukayamba kutulutsa ufa wobiriwira mowala, ndiye kuti mchere wa m'dothi ukuudya ndipo ukufunika katswiri msanga. Mtengo, chikopa kapena nsalu zopezeka m'matope n'zosiyana ndi zonsezi: zikauma zimakhwinyata n'kung'aluka, ndiye zikhale zonyowa, m'thumba lotseka, pozizira. Ndipo musamate chilichonse ndi guluu wamba, amene samatuka popanda kuthyola.

Zojambula za pamiyala zikuoneka mozimiririka. Ndingazinyowetse kuti zituluke pachithunzi?

Ayi. Madzi amasungunula mchere wa m'mwala, ndipo ukamauma umatukula utoto n'kuugwetsa. Musazikhudze, musazitsate ndi choko, musasonkhe moto pansi pake, ndipo poyenda musautse fumbi, chifukwa limakakamira pakhoma. Ngakhale mpweya wa anthu umawononga: Lascaux anaitsegulira alendo mu 1948, koma pofika 1963 anaitseka chifukwa kutentha, chinyezi ndi mpweya wotuluka mwa anthu zinabweretsa ndere pa zojambulazo, ndipo alendo lero amaona chofanizira. Jambulani pa kuwala kwa mthunzi, ndipo mapulogalamu apakompyuta monga DStretch amatulutsa utoto umene maso sakuuona.

Malo oterewa amakhala ambiri ndiponso omwazikana. Ku Chongoni m'Malawi, kumene bungwe la UNESCO linakuika pa mndandanda wake wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi mu 2006, kuli malo 127 a zojambula. Palibe boma lingaike mlonda pa thanthwe lililonse, choncho amene amateteza ndi anthu okhala pafupi, ndipo ntchito yothandiza kwambiri ndi kujambula malo amodzimodzi kuchokera pamalo amodzimodzi chaka chilichonse, kuti kusintha kuoneke kusanafike poipa.

Ndapeza mafupa ooneka ngati a munthu.

Siyani zonse, musasunthe kanthu, phimbani ndi nsalu kapena pepala, ndipo dziwitsani apolisi. Iwo ndi amene amayamba kuona ngati ndi nkhani ya posachedwa. Akapeza kuti ndi akale amaitana oona za zinthu zamakedzana. Musajambule kuti mufalitse.

Thupi langa silingalole kugwada m'dzenje. Palinso china?

Ntchito yambiri siichitikira m'dzenje. Kutsuka, kusanja, kuwerenga, kulemba manambala ndi kulowetsa zonse m'kompyuta kumatenga nthawi yaitali kuposa kufukula, ndipo apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera: mabokosi amakhala zaka osatsegulidwa, lipoti osatuluka. Pali kuyenda m'minda yolimidwa kumene, anthu atandandalika mamita 10 kapena 20 wina ndi mnzake, kulemba pamene mapale achuluka. Pali kuona zithunzi zochokera mumlengalenga pa intaneti, monga anachitira anthu a m'mayiko ambiri pa tsamba la GlobalXplorer mu 2017, pofufuza maenje a okumba mwakuba ku Peru.

Ndipo pali kujambula mawu a achikulire, ntchito yosadikira. Mayina akale a mapiri, madambo ndi mabwinja, kumene kunali ng'anjo, kumene kunkadutsa njira, zonsezi zimalondolera akatswiri kuposa mapu. Pemphani chilolezo chomveka, chonena amene adzamve mawuwo ndi kumene adzasungidwe. Funsani mafunso osaika yankho m'kamwa mwa munthu, lembani tsiku ndi malo kumayambiriro kwa zojambulazo, ndipo sungani makope atatu, limodzi kumalo ena. Zimene wina wanena kuti n'zachinsinsi zikhale zachinsinsi, ngakhale zitakhala zokoma chotani kwa wofufuza.

Kodi anthu a m'dera ali ndi mawu pa zofukulidwa kwawo, kapena ntchito yawo ndi kunyamula ndowa basi?

Kwa zaka zambiri inalidi yonyamula ndowa. Chigaza chimene ogwira ntchito mumgodi anapeza ku Kabwe mu 1921 chinapita ku London, chili ku Natural History Museum mpaka lero, ndipo Zambia yakhala ikuchipempha kwa zaka zambiri. M'malipoti ambiri akale mayina a amene ankakumba sapezeka n'komwe.

Zinthu zasintha pamene anthu analimbikira. Mu 1991 omanga nyumba ya boma ku Manhattan mu New York anapeza manda a anthu akuda, akapolo ndi mfulu omwe, a m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Anthu akuda a mumzindawo anakana mmene mafupawo ankasamalidwira, mpaka kufukula kunaimitsidwa. Kafukufuku anasamutsidwira ku Howard University motsogozedwa ndi Michael Blakey, mafunso ofufuzidwa anagwirizana ndi zimene anthuwo ankafuna kudziwa, monga kumene makolowo anachokera ndi mmene ankakhalira, ndipo mafupa a anthu 419 anaikidwanso m'manda mwaulemu mu 2003. Kafukufukuyo sanachepe mphamvu chifukwa cha zimenezi, anapindula.

Ife timaona kuti kuitana anthu tsiku lomaliza kudzaona dzenje si kuwalowetsa m'ntchito. Musanalole gulu la ofufuza, pemphani kuona chilolezo chawo, ndipo mugwirizane molemba za izi: malo amene sayenera kukhudzidwa, chochita mafupa a anthu akapezeka, kumene zinthu zidzasungidwe ndi mmene mungakazionere, ngati zina zidzatuluke kunja kukayezedwa ndi tsiku lobwerera, amene adzakwirire maenje, ndi nthawi imene adzabwere kudzafotokoza zotsatira m'chilankhulo chanu, ndi kusiya kope la lipoti.

Wina akufuna kugula chimene ndapeza.

M'mayiko ambiri kugulitsa ndi mlandu, ndipo pangano la UNESCO la 1970 limathandiza mayiko kuitanitsa zimene zinatulutsidwa mozemba. Wogula akalipira chimodzi amafuna zina, ndipo mapeto ake ndi maenje, monga zinachitikira ku malo a ziboliboli za Nok ku Nigeria, kumene zambiri zinazulidwa popanda cholembedwa chilichonse.

Tikufuna kuyambitsa gulu losamala zakale za kwathu. Tiyambire pati?

Musayambe ndi kukumba. Yambani ndi kaundula: malo aliwonse apatsidwe nambala, dzina limene anthu amawatchula, manambala a GPS, zithunzi, mwini malo, ndi chimene chikuwaopseza, kaya ndi kukokoloka kwa nthaka, kuphwanya miyala, moto kapena kumanga. Kope limodzi perekani ku nthambi ya boma yoyenera, chifukwa malo olembedwa m'kaundula wa boma ndi amene amaganiziridwa msewu kapena damu likamakonzedwa, osalembedwa amangosalazidwa. Pezani katswiri mmodzi wa ku yunivesite kapena ku myuziyamu woti muzimufunsa.

Ngati mukuganiza zosonkhanitsa zinthu pamalo amodzi, buku lolembamo likhalepo chinthu choyamba chisanalowe. Chilichonse chilembedwe nambala, amene wabweretsa, kumene chinachokera, tsiku, ndiponso ngati waperekeratu kapena wangobwereketsa, ndipo wobweretsayo asaine. Mikangano yambiri ya m'magulu otere imabuka patapita zaka, ana a woperekayo akabwera kudzaitanitsa katundu wa kholo lawo. Chipindacho chikhale chosadontha, mabokosi akhale pamashelefu masentimita 15 kapena kuposa kuchokera pansi, osagunda khoma, ndipo wina aziyang'ana chiswe ndi chinyezi mwezi uliwonse n'kulemba m'bukumo zimene wapeza.